Njira Yozungulira ya a Mesenjala

A Mesenjala anapuma ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma dzinalo silinapume nawo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ananyamula makalata a ofesi imodzi, poyamba pa njinga, njinga itabedwa wapansi, mpaka tauni yonse inalowa m'mapazi mwawo. Ukawafunsa njira sankathamangira kuloza ndi chala ngati anthu ena. Ankayamba ayang'ana kaye nsapato zako, chifukwa, ati, njira ya wovala gogoda ndi ya wovala patapata si imodzi.

Makalata atayamba kuyenda okha m'makompyuta, mabwana anawaphikira tiyi, kuwapatsa wotchi yapakhoma, n'kuwauza kuti akapume. Akapume chiyani? Mayi a kunyumba anali atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo ali kubanja kutali, ndipo wotchi ija ntchito yake inali kuwakumbutsa kuti tsiku likadali lalitali.

Kuseri kwa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo kuli kachipinda komwe kale ankasungiramo mabedi othyoka. Lachitatu ndi Lamlungu masana mumakumana anthu amene akulimbana ndi kusiya mowa, chamba ndi mapiritsi ozunguza bongo. Mipando ndi yapulasitiki, iwiri yomangidwa ndi waya, ndipo pakona pali sikelo ya ana yomwe inafa kalekale koma palibe amene ali ndi mphamvu yoitaya. Gululi amaliyendetsa ndi a Nesi, mayi wamfupi wosachedwa kupsa mtima, amene amachita zimenezi pa nthawi yawo yopuma. A Mesenjala anafika kumeneko tsiku lina atavala malaya osita n'kunena kuti akufuna kuthandiza.

"Kuthandiza chiyani, bambo? Uphungu munaphunzira?"

"Ayi. Kulankhulanso sinditha. Koma njira ndimazidziwa."

A Nesi anatsala pang'ono kuseka. "Nthawi yoopsa kwa anthu angawa ndi faifi koloko, akaweruka," anatero. "Thupi latopa, kukhosi kwauma, ndiye njira yakunyumba yadzera pamsewu wa mabala. Muno amalira, amalonjeza. Akangofika paja n'kumva nyimbo ndi kafungo kaja, zonse zimathera pompo."

"Ndiye asamadzere pamenepo," anayankha a Mesenjala, modabwa kuti nkhani yaing'ono chonchi ikuvuta anthu ophunzira.

Ambiri a m'gululo ankagwira ntchito kumashedi, komwe kuli amisiri, magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu. Kuchoka kumeneko kupita kunyumba za anthu, aliyense ankadziwa njira imodzi yokha, ya mphindi khumi, yodutsa pakati pa mabala. Uku kuli chimpanda cha fakitale, uku kuli dambo losawolokeka. Koma a Mesenjala ankadziwa ina. Ukafika pamphambano umakhotera kumanzere, kutsata mpanda wa sukulu, kuwoloka ngalande pa matabwa awiri, kudzera kuseri kwa malo ocheka matabwa komwe utuchi umalowa m'nsapato, n'kufika pa mpopi wakufa pansi pa mtengo waukulu. Kuchoka apo ndi chitunda mpaka kunyumba. Yonse pamodzi mphindi makumi anayi, ndipo m'njira monsemo simunali ngakhale kaokala kogulitsa machesi.

Tinene zoona, njira imeneyi sanaitulukire chifukwa cha chifundo. Anali ndi mng'ono wawo, wobadwa naye bere limodzi, amene ankaswera ndi kugona m'makhonde a mabala omwewo. Akawaona akudutsa ndi yunifolomu yosita, maenvulopu kukhwapa, ankadzuka n'kukuwa kuti, "Achimwene! Achimwene anga awo, a kuofesi!" anthu n'kumafa ndi phwete. Manyazi anawagwira a Mesenjala, ndipo anafufuza podzera pena mpaka anapapeza. Zaka zisanu ndi zinayi anazungulira. Tsiku limene mng'ono wawoyo anagwa m'mbali mwa msewu, anagona pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anthu akumulumpha poganiza kuti ndi tulo ta mowa, osadziwa kuti wamwalira. Tsiku limenelo a Mesenjala anadutsa kuseri kawiri, popita ndi pobwera. Nkhani imeneyi sanauzeko a Nesi kapena munthu wina aliyense m'kachipinda kaja.

Choncho ntchito yawo inakhala yoperekeza. Kotala isanakwane faifi anali ataima kale pageti pomwe munthu wawo amagwira ntchito, mvula kaya dzuwa. Sankalalikira, sankafunsa zambiri. Ankangoyenda, n'kumanena kuti apa pali dzenje, apa pali galu koma saluma. Munthu akalimba, ankamusiya kuti aziyenda yekha njira yomweyo, iwo n'kutenga wina. Pa zaka zinayi anaperekeza anthu oposa khumi ndi asanu. Ena analimba ndithu, ndipo akakumana nawo panjira yozungulirayo, mtima wawo unkachita kuti myaa. Ena anabwerera. Panali Kondakitala, mwamuna wa pakamwa potsekemera amene anachotsedwa ntchito pa minibasi, yemwe anamuperekeza miyezi isanu akuseka njira yonse, kenaka tsiku lina sanapezeke pageti. A Mesenjala anadikira masiku atatu, n'kudziuza okha kuti madzi saiwala khwawa.

Kenaka anawapatsa Mmisiri, wowotcherera zitsulo, chimunthu chachikulu chosalankhula, manja ali zipsera zokhazokha. Mkazi wake anali atachoka ndi ana awo awiri aakazi tsiku limene bamboyo anapita kukatenga wamng'ono kusukulu n'kukomoka ndi mowa panjira, mwana ataima pambali pake akulira, atagwirizira chikwama. Mayiyo anabwera kamodzi kokha m'kachipinda kaja, ndipo sanakhale pansi n'komwe.

"Chaka chathunthu, osalawa ngakhale dontho," anatero pamaso pa a Nesi. "Chikakwana, ndibwerera ndi ana. Chikalephereka, musadzandifunenso. Ndatopa ine."

Mmisiri anasamukira kwa mlongo wake kuchitunda. Kushedi anatenga chitsulo chachitali ngati msinkhu wa munthu n'kuchiimika pakona, ndipo tsiku lililonse asanazimitse makina ankawotchererapo kadontho kamodzi. Lolemba ankaikapo tiwiri, kuwerengera ndi Lamlungu. Mwini shediyo ankamuseka kuti akutha ndodo zowotcherera pa zibwana, koma chitsulocho sanachigwire.

Anayenda awiriwo miyezi khumi ndi umodzi. Mawondo a Mesenjala anali atayamba kale kudandaula, makamaka lakumanja, ndiye pa mpopi wakufa paja ankakhala pansi pang'ono asanayambe chitunda. Ankachita zimenezi ndi aliyense amene ankamuperekeza, mpaka simenti ya mpopiwo inasalala. Pamenepo m'pamene Mmisiri ankatsegula pakamwa. Ankanena za mwana wamkulu, kuti masamu amamuvuta ngati bambo wake. Ankanena za bedi losanjikiza limene ankapangira anawo ndi zidutswa zotsala, lokhala ndi kamakwerero kambali. Nthawi zina ankangoti, "Lero kukhosi kwandivuta, bambo," a Mesenjala n'kuyankha kuti, "Tiyeni, chitunda chikutidikira."

A Nesi zimenezi sizinkawasangalatsa kwenikweni, ndipo sanabise.

"Bambo, anthu anuwa mukuwabereka kumsana. Tsiku lina mudutse naye pamsewu womwewo, inu muli pambali pake, aphunzire kukana maso akuona. Mabala sadzatha padziko pano."

"Munthu amene anapsa simumuyendetsa pamoto kuti muone ngati wachira," anatero a Mesenjala.

"Nanga tsiku limene inu mudzadwale?"

"Njira akuidziwa. Mulibe kanthu m'menemo, ngakhale madzi akumwa."

A Mesenjala anali munthu wabwino, koma wouma mutu ngati nkhalamba zonse zimene zinachitapo bwino chinthu chimodzi pamoyo wawo. Ndipo kunena zoona, pamsewu umenewo iwo eni sakanatha kudutsapo. Khonde lomwe mng'ono wawo ankakhalapo linali likadalipo, anangolipaka penti ina.

Timadontho tinakwera mpaka kufupi ndi nsonga ya chitsulo. Chaka chinali choti chikwane Loweruka, ndipo mkazi wa Mmisiri anatumiza uthenga kuti tsikulo afika kushedi ndi ana nthawi ya masana, adzaone chitsulocho ndi maso ake. Mmisiri anapaka bedi lija penti yobiriwira. Anayamba kuimba likhweru pantchito, zomwe anzake anali asanazimvepo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ndani amakumbuka mwambi pamene akusangalala?

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, bondo la a Mesenjala linatupa mpaka thalauza kukana kulowa. Adokotala ataliona anati munthuyu sabwerera kunyumba, lafunika kung'amba. A Mesenjala anachonderera kuti awadikire sabata imodzi yokha, adokotala n'kuwafunsa ngati akufuna kutsala ndi mwendo kapena ayi. Anaimbira a Nesi kuti apeze wina woperekeza, koma wina wake ndani? Odzipereka anali atatu, mmodzi anapeza ntchito, wina anasamuka, wachitatu ndi amene anagona pabediyu. Ndiye anaimbira Mmisiri.

"Njira yathu yomwe ija, osakhotera kwina. Ndi masiku ochepa."

"Musadandaule, bambo. Ndikhoza kuyendamo nditatsinzina."

Anatuluka m'chipatala Lachinayi la sabata yotsatira, atauzidwa kuti asaponde pansi kwambiri. Lachisanu, kotala isanakwane faifi, anali ataima pageti la shedi ndi ndodo yachitsulo kukhwapa. Makina a Mmisiri anali ozimitsa. Mwini shedi anatuluka akupukuta manja, maso ali kumbali.

"Kuyambira Lachitatu sanabwere. Foni sakuyankha. Kwa mlongo wake akuti amafika kukada, kukacha wachoka."

A Mesenjala anayang'ana pakona. Chitsulo chinali pompo, ndipo kunsonga kwake kunatsala kampata kosakwana chala. Mumtima anali atagamula kale kuti munthu uja anatopa n'kuzungulira, anadzera yachidule, ndipo anakwiya naye. Koma popeza pamsewu wa mabala sakanatha kupitapo, anakhotera kumanzere kuti akafike kwa mlongo wake uja. Matabwa a pangalande anawoloka ngati mwana wophunzira kuyenda. Utuchi unkameza nsonga ya ndodo. Thukuta linali kamukamu pamene anatulukira kuseri kwa malo ocheka matabwa n'kumva anthu akuseka pansi pa mtengo.

Pambali pa mpopi wakufa panali bokosi logadabuza, pamwamba pake maswiti ndi ndudu zogulitsa imodziimodzi. Pansi pa bokosilo pankasuzumira khosi la kabotolo. Panakhala amuna anayi, ndipo atatu mwa iwo a Mesenjala anawaperekezapo ndi miyendo yawo yomweyi. Mmisiri anali pa simenti paja, pamalo pake pa masiku onse, mutu uli pakati pa mawondo. Kuseri kwa bokosi kunali Kondakitala, atawonda, mano awiri akutsogolo palibe, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Aaa, madala! Mwatuluka? Ife tinamva kuti akudulani mwendo."

"Ukutani pano?"

"Geni, madala. Kumsewu uja mpikisano wachuluka, mabala khumi, aliyense ndi wailesi yake. Kuno ndili ndekha."

"Malo ano unawadziwa bwanji iwe kuti…" Yankho anali nalo kale.

"Munandionetsa ndinu, madala. Miyezi isanu, tsiku ndi tsiku. Ndinkakhala pomwe akhala bigiwo." Kondakitala sankanyoza ayi, ankafotokoza ngati mwana wasukulu amene wamvetsa phunziro. "Ndimadziwa amene amadutsa pano, nthawi yawo, ndi mmene kukhosi kumakhalira ukafika pampopi pano chitunda chili patsogolo. Wodutsa kumsewu uja mwina sakuufuna n'komwe mowawo, akungopita kwawo. Koma wodutsa kuno ndiye akuufuna. N'chifukwa chake akuzungulira."

A Mesenjala anakweza ndodo kuti aphwanye bokosilo, bondo n'kuwakumbutsa kuti ndodoyo ndi mwendo wawo. Anagwira mtengo kuti asagwe. Mmodzi wa amuna aja anawasunthira malo kuti akhale, mwaulemu ndithu, ndipo ulemu umenewo unawapweteka kuposa chipongwe.

"Sindinakakamize munthu, madala," anatero Kondakitala chapansipansi. "Nanenso ndimangofuna ndipeze wanga wakumwa."

Mmisiri anadzutsa mutu. Maso anali ofiira, koma osati ndi moto wa makina.

"Masiku anayi ndinadutsa osacheuka, bambo. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, Lolemba. Lachiwiri ndinati ndingokhala pang'ono, monga tinkachitira. Ndinangoti ndikhale basi."

"Dzukani tizipita. Chitunda chikutidikira."

Anamugwira mkono n'kukoka, koma nkhalamba ya mwendo umodzi ingadzutse chimunthu chotero? Mmisiri anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa la mwana.

"Mawa akubwera kushedi. Ine sindingaime pamaso pawo. Mukawauze ndinu, bambo. Mauthenga mumatha ndinu."

Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi a Mesenjala ananyamula makalata ochotsa anthu ntchito, a milandu, a maliro, koma onse anali omata, ndipo akapereka ankangoti sainani apa n'kutembenuka. Uwu unalibe envulopu. Loweruka masana anakhala pa chitini cha penti pageti la shedi, malaya osita, akuyeserera mawu m'mutu, ndipo onse amene ankapeza anali opanda pake.

Mkazi wa Mmisiri anatulukira ndi ana awiri ovala madiresi ofanana, tsitsi loluka kumene, iye atasenza chikwama chachikulu. Anali atalongedza kale. Ana anaona bedi lobiriwira mkati mwa shedi n'kuthamangira komweko, kukakangana kuti pamwamba agona ndani. Mayiyo anayang'ana makina ozimitsa, n'kuyang'ana nkhope ya a Mesenjala, n'kutula chikwama pansi.

"Anatsala angati?"

"Anayi, mayi."

Anapita pakona paja, nayendetsa chala pa timadontho kuyambira pansi mpaka pamene tinathera. Sanalire. A Mesenjala anadzikoka mpaka pafupi naye.

"Mayi, masiku onsewa si masewera. Wayesetsa mwamunayu, ine ndi mboni. Cholakwa ndi changa, ndine ndinamuphunzitsa njira yolakwika, ndine ndinamusiya yekha. Mumupatseko mpata wina."

"Bambo, mwachita mbali yanu, Mulungu akudalitseni," anatero mayiyo, mawu ali phee. "Koma ine ndinapirira zaka khumi ndi ziwiri. Masiku anga palibe anawawotcherera pachitsulo. Dzulo ndinawauza anawa kuti tikubwerera kwa adadi. Ndikawauza chiyani tsopano?"

Mayiyo anaitana ana, nasenzanso chikwama. Wamng'ono anafunsa ngati bedilo alitenga lero kapena mawa, mayi ake n'kumuuza kuti ayende msanga minibasi ingawasiye. Mwini shedi anadikira kuti apite kaye, kenaka anafunsa ngati chitsulo chija angachigwiritse ntchito pa geti la kasitomala wina. A Mesenjala anati sakudziwa, si chawo.

Lachitatu m'kachipinda kaja munali mipando inayi yopanda anthu. A Nesi sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonse wotero, ndipo a Mesenjala akanakonda akanawakalipira. Za Kondakitala anali atakanena kale kwa oyenera. Anamuthamangitsa Lolemba, Lachiwiri anabwerera, atangosuntha bokosi lake kulisendeza kufupi ndi utuchi. Mmisiri anaoneka komweko kawiri, kenaka anthu anayamba kumuona pamsewu wa mabala, popeza panalibenso chifukwa chozungulira.

"Ndikufuna kusiya," anatero a Mesenjala anthu atatuluka. "Ndasonkhanitsira munthu uja makasitomala zaka zinayi. Ndinkaona ngati ndikuwapulumutsa."

"Musiye ndikhale ndi ndani?" anatero a Nesi akusanjikiza mipando, osawayang'ana. "Pali mayi wina wayamba Lamlungu lapitali. Anali mphunzitsi, mapiritsi ndi mowa zinamuchotsetsa ntchito. Pano akulongedza katundu kumashedi. Ali ndi masiku asanu ndi limodzi okha osalawa kanthu, ndipo akuopa faifi koloko kuposa imfa. Ine nthawi imeneyo ndimakhala ndili muwodi. Mupita kapena simupita?"

Anapita. Kunyumba kunalibe china chowadikira kupatula wotchi ija. Lachinayi, kotala isanakwane faifi, anali pageti la nyumba yosungiramo katundu, bondo lomanga bandeji. Mayiyo anatuluka atakumbatira kachikwama pachifuwa, nawapatsa moni mwaulemu wa kusukulu.

"A Nesi akuti inu mumadziwa njira zonse, bambo. Akuti ndikakhala ndi inu ndisaope."

Anayenda pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pamiyala, mpaka pamphambano. Kumanja nyimbo zinali zitayamba kale, ndipo khonde lopakidwa penti lija linkaoneka patali. Kumanzere kunali mpanda wa sukulu, zii, mphepo ikubweretsa fungo la utuchi.

"Tidzera kuti, bambo?"

A Mesenjala anayang'ana nsapato za mayiyo, monga mwa chizolowezi chawo. Zinali zabwino, zafulati, zoti n'kuyendera njira ina iliyonse. Anatsamira ndodo yawo n'kuimabe pomwepo, mpaka mayiyo anafunsanso kachiwiri.